Tsiku Limene Ndinavala Diresi ya Kutchalitchi Loweruka

Mpaka lero ndikamadutsa pamene akalipentala amapalira matabwa m'komboni yathu ya Kalingalinga, ndimayang'ana pansi ngati ndataya ndolo. Ndolo ndili nazo zonse ziwiri. Chimene ndinataya pamsewu umenewo ndi ulemu, ndipo ndinautaya ndekha, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona.

Ndili mu Giredi 12. Loweruka ndi pa holide ndimagwira ntchito mu kontena ya ba Tembo, momwe amakonza mafoni. Iwo amasintha magalasi osweka ndi mabatire otupa. Za m'kati mwa foni ndi zanga: kusamutsa zithunzi kuchoka mu foni yakale kupita mu yatsopano, kuthandiza anthu oiwala manambala awo achinsinsi, kulembera anthu makalata pa kompyuta. Ntchitoyi anandipemphera ndi Amayi, panja pa tchalitchi, ine nditabisala kumbuyo kwa chitenje chawo. Malipiro anagwirizana awiriwo. Nthawi imeneyo ndinkangosesa ndi kupukuta fumbi. Ntchito inakula, koma malipiro anangokhala pomwepo ngati chitsa.

Tsono mayeso akuyandikira, masamu akundikana, ndipo mphunzitsi wa matuishoni, maphunziro apadera olipira aja, salandira zikomo. Popanda kuwonjezeredwa malipiro, matuishoni panalibe. Chiganizo chopemphera ndinachikonza bwinobwino m'buku langa lolembamo za tsiku ndi tsiku: "Ba Tembo, nipemphako munionjezeleko malipilo." Chachifupi, chaulemu. Koma ndikaima pamaso pawo, iwo nʼkukweza maso pamwamba pa magalasi awo, chiganizocho chinkathyokera pakati.

"Ba Tembo, nipemphako..."

"Chani, mwana wanga?"

"Chaja."

Ndinapempha chaja kambirimbiri mpaka tsiku lina anandipatsa imodzi nʼkunena kuti ndisabwezenso.

Ndiye ndinakadandaula kwa msuweni wanga Misozi, amene amagwira ntchito za makompyuta mu ofesi ina m'tauni ndipo amavala khadi m'khosi ngakhale akupita kogula tomato.

"Mwaiche," anatero, poti ndi mmene amaitanira aliyense wamngʼono kwa iye, "mu nchito zathu izi sitipempha. Bwana afunika aganize kuti kuli wina akufuna. Akayopa, malipilo akwela yeka."

"Manje nindani anganifune ine?"

"Sivifunika akufune zoona. Vifunika chabe vioneke."

(Pamenepa mpamene munthu wanzeru akanatsanzika nʼkupita kukawerenga masamu.)

Kutsidya kwa msewu, moyangʼanizana ndi kontena yathu, kuli shopu ina ya mafoni, ya ba Sakala. Ba Tembo ndi ba Sakala sapatsana moni; chifukwa chake palibe amene amachikumbukira bwino. Mu shopumo mumakhala mphwawo wa ba Sakala, Dalitso, mnyamata wamtali wosalankhulalankhula. Iwo ali ndi sola, ife tilibe.

Loweruka lotsatira malaiti atapita, ndinatenga foni yanga nʼkuwoloka msewu pangʼonopangʼono kuti ba Tembo andione bwino.

"Mufuna chani?" anafunsa Dalitso.

"Kuchajako."

Anayangʼana foniyo, kenaka ine. "Ni yozula kale iyi."

Ndinaiwala kuti ndinaitchaja usiku wonse. Ndinaimabe pomwepo ndikuwerenga zolembedwa pa mabokosi a mahedifoni. Iye, osachotsa maso pa ine, anatembenuza kompyuta yake pangʼonopangʼono mpaka inayangʼana kukhoma.

Nditabwerera, ba Tembo anangopitiriza ntchito yawo. Koma sabata yotsatira ndinapeza asintha nambala yachinsinsi ya kompyuta yathu. Anailemba okha, dzanja lina ataphimba. Kasitomala akamatuluka, ankamuperekeza mpaka pakhomo nʼkuima kuona kumene walowera. Kenaka anakoka mpando nʼkukhala pafupi nane.

"Nionetseko mwamene umachitila ivi vosamutsa vithunzi."

Munthu amene zaka zonsezi ankati zimenezi zimamupweteka mutu, lero afuniranji kuphunzira? Ndinayamba kuwaona mwa mtundu wina. Akayankha foni panja, ndinkati akulankhula ndi wodzalowa m'malo mwanga. Mtsikana aliyense wolowa mu kontena ndinkamuyangʼana zala, kuona ngati ndi zodziwa kompyuta. Kuwaphunzitsa ndinawaphunzitsa, koma ndinadumpha dala sitepe imodzi yapakati. (Ndinapempha chikhululukiro kwa Mulungu madzulo ake, koma sitepeyo sindinaibweze.)

Ndinamuimbira Misozi. Iye anaseka. "Ayamba kuyopa. Onjezela moto."

Moto ndinawonjezeradi. Loweruka linalo ndinavala diresi yanga ya kutchalitchi, yachikasu ija, ndinapaka mafuta kumapazi, nʼkutenga envulopu ya khaki ngati ya anthu ofuna ntchito. Munalibe kanthu. Masana ndinawoloka msewu nditaigwira pachifuwa. Akalipentala anasiya kupala. Mayi wogulitsa vitumbuwa pakona anasiya kutembenuza vitumbuwa vyake.

Misozi anati ndizioneka ngati nkhani zikuyenda bwino, choncho ndinafunsa Dalitso mtengo wa memore khadi, ndipo atandiuza ndinaseka mokweza, mutu nditauponyera kumbuyo. Sindinasekepo choncho chibadwire. Dalitso anabwerera m'mbuyo.

"Sisi," anatero motsitsa mawu, "ba Tembo ndiye akutumani, ayi? Kuti muone mitengo yathu?"

Ndisanayankhe anali atamatula kale pepala la mitengo pakhoma nʼkulikhalira.

Ndipo ngati zimenezo sizinakwane, agogo ena amene amabwera kwa ife nthawi zonse kuti ndiwafufutire mauthenga odzaza foni anandiona mmenemo, nʼkulowa. "Kansi wasamukila kuno? Chabwino, nikonzele kuno komweko." Ndinacheuka. Ba Tembo anali ataima pakhomo pa kontena, sikuludiraiva ili m'manja, akuona kasitomala wawo akundipatsa foni mu shopu ya mdani wawo.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi, ndinapeza ba Tembo kwathu atakhala pa sofa, chipewa chili pabondo. Amayi anakhala pampando wina, manja atapinda, nkhope ili gwa. Ndinagwada pafupi ndi chitseko, poti mpamene panali pafupi ndi pothawira.

"Nindani uja mnyamata?" anayamba Amayi.

"Mnyamata?" anatero ba Tembo. "Amai, ine nabwela pa nkhani ya makasitomala. Uyu mwana anipelekela anthu kwa Sakala."

"Makasitomala a chani? Komboni yonse ikamba. Dilesi ya kuchechi pa Chiwelu, kalata kumanja, kuseka monga ali pa ukwati. Amake vitumbuwa aniuza vonse."

"Ine naona na maso anga, nkhalamba ija inamupatsa foni."

"Ine nikamba za mwana wanga, imwe mukamba za nkhalamba."

Anatsutsana kwa kanthawi, aliyense akuteteza mlandu wake, ngati anthu awiri olimbirana mbuzi imodzi. Mbuziyo inali itagwada pakhomo, misozi ikugwera pa diresi. Ndinaona ntchito ikupita, matuishoni akupita, ndipo choposa zonse, ndinaona mmene Amayi ankandiyangʼanira, ngati mwana wa eni ake amene sakumudziwa. Chimenecho ndicho chinanditsegula pakamwa.

"Nenze kufuna chabe munionjezeleko malipilo."

Ndinafotokoza zonse, za masamu, za Misozi, za envulopu yopanda kanthu, ngakhale za sitepe ija. Ba Tembo anavula magalasi, nʼkuwapukuta, nʼkuyamba kuseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye chifukwa vithunzi va akazi anga vinasowa. Iwe mwana, sembe unakamba chabe."

"Ninayesa," ndinatero. "Munanipatsa chaja."

Amayi anabisa pakamwa ndi chitenje. Sanafune ndione kuti akuseka, poti mlandu wa diresi unali usanathe.

Kenaka ba Tembo anatembenukira kwa iwo. "Amai, nchito iyi munapempha ndimwe. Tikambe ise akulu." Ananditumiza kukaphika tiyi. Ndili kukhitchini ndinamva Amayi, amene ndinkawayesa ofatsa ngati ine, akuwapanikiza ba Tembo ngati akugula tinsomba ta kapenta pamsika. Anawawerengera ntchito zanga zonse, zina zimene sindinkadziwa nʼkomwe kuti amazidziwa. Ndikubwera ndi makapu nkhani inali itatha. Malipiro anakwera, koma chowonjezeracho chimachoka m'manja mwa ba Tembo kupita m'manja mwa Amayi, kenaka kwa mphunzitsi wa masamu. Ine ndimangomva kuti chilipo.

Nambala ya kompyuta sanandiuzebe. M'mawa uliwonse amailemba okha, dzanja ataphimba, akumwetulira. Diresi yachikasu Amayi amaisunga m'chipinda chawo ndipo imatuluka Lamlungu lokha. Misozi nditamuuza, anangoti, "Waona? Vinasebenza."

Ndinalemba m'buku langa kuti kuyambira tsopano ndizilankhula zinthu molunjika, ndisiye kuganizira anthu zoipa. Ndinadula mzere kunsi kwake.

Loweruka lapitali, ba Tembo atapita m'tauni kukagula magalasi a mafoni, ndinaona Dalitso akuwoloka msewu. Anaima pakhomo pa kontena akukanda m'khosi.

"Ba Sakala akuti amvela kuti mumaziba nchito. Akuti ngati mufuna, kuli malo kwathu. Malipilo mungakambilane."

Ndinamuyangʼana. Ndinayangʼana pakona, pomwe mayi wa vitumbuwa anali atasiya kale kutembenuza. Kenaka ndinagwira kompyuta yathu nʼkuitembenuza pangʼonopangʼono mpaka inayangʼana kukhoma.

"Kambani zoona," ndinatero. "Ba Tembo ndiye akutumani, ayi?"