Nkhondo Yanu Munaiiwala Pakhomo Panga

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Mafilimu ya Misozi Yambiri.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwira mwendo wanu, mundikhululukire ine mlimi wa mtedza wa ku Kabudula polembera munthu wokwera ndege. Ndine Imelda, mayi wake wa Lyton, mwana uja munamusankha kukhala msilikali m'filimu yanu chaka chatha. Ndati ndithokoze.

Choyamba, zikomo potibweretsera nkhondo. Ife kuno tinali otsalira, chibadwire sitinaionepo, timangolimbana ndi anankafumbwe. Inu munatimvera chisoni n'kutikonzera yathuyathu m'masabata awiri okha. Ngakhale chigafa cha a Steven, oyandikana nafe, munachiotcha mwaluso zedi.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha kasankhidwe kanu. Ana ovala nsapato munawabweza onse. Wanga anabwera atasamba, atadzola, ali mu yunifolomu ya Sitandade 5. Munamuvula n'kumupaka matope, ati mwana waukhondo sagwira mtima anthu akunja. Munatinso maso ake ofiira aja ndi a mwana woona zoopsa. Ankadwala maso, Bwana, koma ndine yani ine kutsutsa ophunzira?

Chachitatu, munamubwerezetsa kasanu ndi kawiri kuwombera mayi wake wa m'filimu, mpaka analira zenizeni, inu n'kuwomba m'manja. Ndamva kuti misozi imeneyo yakupatsani chikho kunjako. Chikhale chowala.

Filimu ija inafika pa vidiyo ya pa Msundwe, anthu anaionera. Lero mwana wanga dzina alibe, ndi Komanda basi, monga m'filimu muja. Anzake amamuthawa, amayi a mvano amakoka ana awo iye akamadutsa. Sukulu anasiya. Amangokhala kuseri kwa nkhokwe, phesi la chimanga lili paphewa ngati mfuti, ndipo ndikamuitana sandiyang'ana kumaso. Apa pokha sindikuthokoza, Bwana. Zikundiwawa.

Pempho langa ndi laling'ono, loyenera munthu wamba. Pojambula paja ndinkaona kuti muli ndi kathabwa kena kamene mumakawomba. Ine ndinaona ngati ndi kamene kamathetsa nkhondo, chifukwa pambuyo pake akufa ankadzuka, n'kusasa fumbi, n'kulandira mabisiketi. Tsiku lomaliza munali pa changu chothamangira ndege, mwina munaiwala kukawomba. Mukapeza mpata pakati pa maphwando anu, bwerani nako, mudzakawombe kamodzi kokha pakhomo panga. Mwina Lyton nayenso angadzuke.

Ndine wanu wosadziwa za mafilimu,
Imelda Saulosi,
mayi wake wa Komanda,
Kabudula.