Magwinya Anandiulula kwa Dokotala

Mukadzamva kuti munthu wamkulu, wa imvi, anagwidwa bodza ndi chakudya chake chomwe, musavutike kufunsa. Ndine.

Mimba inandiwotcha kwa miyezi. Mnzanga amene tinkakumba naye pulatinamu ku Marikana, kuno ku Joni, anapita ndi khansa ya m'mimba, ndiye mantha anandigwira zenizeni. Mayi a kunyumba, a Nambewe, anandikokera kuchipatala ngati mbuzi yopita kumsika.

Dokotala, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga, anati adzalowetsa kapaipi ka kamera kukhosi mpaka m'mimba. Anapemphanso magazi pang'ono a kafukufuku. Akuti m'thupi muli tinthu totchedwa RNA, ndipo tina mwa ito sitimanga kanthu, timangolamula: apa yambani, apa lekani. Tikasokonekera, khansa imapeza mpata.

"Akapitawo amenewo!" ndinatero. "Sagwira fosholo, koma akalakwitsa mgodi wonse umagwa."

Anaseka. "Eya bambo. Koma mawa mubwere musanadye chilichonse."

Apa m'pamene panagona nkhani. Ine zaka zonse za mumgodi sindinatsikepo pansi ndi njala. M'mawa mwake, pokwerera tekisi ku Meriting, a Nambewe atatembenuka kupereka moni kwa anzawo a kutchalitchi, ndinagula kwa mayi wina n'kumeza magwinya awiri (mandasi a kuno ku Joni, aakulu ngati chibakera). Mafuta ndinapukutira pa buluku.

"Mwadya?" anafunsa dokotala.

"Ngakhale madzi, mwana wanga."

Anandigoneka, kapaipi n'kutsika. Nditatsitsimuka ndinaona a Nambewe ataima, manja m'chiuno, akuyang'ana chithunzi cha m'mimba mwanga.

"Ndi chotupa?" ndinafunsa.

"Sindinaone kanthu, chakudya chatchinga," anatero dokotala.

"Chotupa chanji?" anakalipa a Nambewe. "Awa ndi magwinya! Abambo inu, manyazi mulibe?"

Anatibweza kuti tikadikire tsiku lina. Kudikirako kunandiwawa kuposa mimba. Ndinkangoganiza za mnzanga uja, ndipo wom'dandaulira panalibe, poti ndinazichita ndekha.

Ulendo wachiwiri a Nambewe anandigwira dzanja kuchokera pakhomo mpaka pabedi, ngati tangokwatirana kumene. Anapeza zilonda za m'mimba, osati khansa. Ndinalira, sindibisa.

Pobwerera tinadutsa pa mayi wa magwinya uja. Ine ndinangochepetsa liwiro pang'ono basi.

"Yendani," anatero a Nambewe osatembenuka n'komwe. "Kapitawo wa mimba imeneyo tsopano ndine."