Tsiku limene ndinapeza dzina langa m'buku la maliro

Anzanga, mukandiona ndikulambalala tchalitchi chakale masana dzuwa likuswa mtengo, musandifunse. Kapena ndingokuuzani, museke kamodzi zithe.

Pabanja pathu tinagwirizana zomanga chiliza cha agogo aamuna kumudzi kwathu ku Chulu, koma nkhani inakanika pa dzina. Azakhali akuti dzina lawo la ubatizo linali Petulo, bambo anga aang'ono akuti Paulo, mpaka osalankhulana sabata yathunthu, womanga chiliza akungodikira. Ine monga mphunzitsi wapabanjapo ndinati ndipita kumishoni komwe anabatizidwira, mabuku sanama.

Ndinavala jekete yanga yakuda, ndinakwera kabaza, kudutsa minda ya fodya mpaka kukafika. Akatekisiti, a Mwale, anandilandira bwino koma anali ndi changu, ankapita kukaona wodwala. Anandipatsa kiyi wa kachipinda kakuseri kwa tchalitchi chakale, moyang'anana ndi manda.

"Aphunzitsi, mabuku ali mukabati. Mutsegule mwaulemu, ndi okalamba kuposa tonsefe."

Mkatimo, abale, kuzizira kwake ngati si mwezi wa Okutobala. Fungo la mileme, kazenera kamodzi, kudenga kukumveka tinthu tikukwawa. Ndinatenga buku loyamba lomwe dzanja linagwira, lachikuto chakuda, m'mbali litadyedwa ndi chiswe. Kuwerenga pachikuto? Ayi, mphunzitsi awerengerenji pachikuto?

Ndikutsata mayina ndi chala, inki itafiira ngati magazi ouma, ndinangoona chala chaima chokha. Fulugensio Nkhoma. Dzina langa ndendende, mudzi wathu, mfumu yathu. Kutsogolo kwake kamtanda, ndi mawu akuti anaikidwa m'manda a pamishoni.

Ndinawerenga katatu. Ndinadzitsina pantchafu. Inu mukanatani? Nthawi yomweyo chitseko chinadzitseka chokha, phwa! Mileme kudenga inangoti zii.

Kenaka ndinamva mapazi panja, okhwekhwereza, akubwera pang'onopang'ono kuchokera mbali ya kumanda. Anaima. Pazenera panatulukira nkhope yoyera mbee, tsitsi loyera, nsidze zoyera, maso okha ofiira. Inandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka inalankhula motsitsa ndi kamvekedwe ka Chitumbuka, ngati momwe agogo ankalankhulira.

"Fulugensio... wabwerako?"

Ine munthu wa satifiketi, wophunzitsa ana sayansi, ndinagwada pansi buku lili pachifuwa. "Pepani akuluakulu, si ine! Ndangobwera kudzaona dzina basi!"

"Chiuta wane! Wabwera kudzaona dzina lake!" Nkhope ija inakuwa, n'kuzimiririka.

Sindinadikire kuti ibwere ndi anzake. Ndinalimbana ndi chitseko, ndikukankha pomwe chimafuna kukoka, mpaka chinatseguka, ndinatuluka ngati mbuzi yoduka chingwe. Pakona pa tchalitchi sindinaone mgolo wodula pakati wodzaza laimu. Ndinalowamo ndi mutu, khuvuu! Mwamwayi buku linagwera pa udzu. Ndinadzuka ndili mbee kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato, maso akuwawa, ndikuthamanga osaona komwe ndikupita, kumene kunali kumanda.

Tsono kumandako kunali amayi a mpingo akulambula. Tangoganizani, munthu woyera akutuluka pakati pa mitumbira, manja ali m'mwamba, akukuwa kuti "Ndithandizeni!" Makasu anatayidwa. Wina anayamba nyimbo, wina analowa m'munda wa anthu, mayi wina anangokhala pansi n'kudziphimba chitenje. Ine kuona anthu akuthawa ndinadziwa kuti chinthu chija chili kumbuyo kwanga, ndiye ndinawonjezera liwiro kuwatsatira. Iwo kuona ndikuwatsatira, anawonjezeranso.

Amene anatiimitsa ndi a Mwale, akubwera pa njinga. Anandigwira pakhosi pa jekete n'kundithira madzi a pamjigo mpaka nkhope inaoneka. Kenaka anakatulutsa mzukwa wanga m'chigafa cha fodya cha pafupi, momwe unabisala ukupemphera. Anali a Chirwa, mkulu wina amene ankapaka laimu khoma la tchalitchi kuyambira m'mawa, mpaka mutu wonse kuyera mbee.

Atakhazikika mtima, a Chirwa anafotokoza akundiyang'anabe cham'mbali. Fulugensio wa m'bukumo anali mkulu wawo wa bambo anga, mnzawo wa ubwana wa a Chirwa, amene anaphedwa ndi mphenzi akusoka fodya, bambo anga akadali khanda. Pakhomo pathu sankamutchula chifukwa agogo aakazi ankalira, anangondipatsa ine dzinalo mwakachetechete.

"Bokosi lake ndinanyamula nawo ndi manja awa," anatero a Chirwa. "Ndiye ndisuzumire pazenera, ndimuone ali ndi jekete yakuda ngati yomwe tinamuveka, mphuno yomweyo, akuwerenga buku la maliro. Mwana wanga, ukanakhala iwe?"

Ndinapempha kuti andionetse manda ake, ndipo tinaima pamenepo kanthawi, tonse awiri laimu akuuma m'makutu.

Buku la ubatizo a Mwale anatsegula okha. Agogo sanali Petulo kapena Paulo. Anali Pankrasio.

Ndikutsanzika kuti ndizipita, mayi uja anadziphimba chitenje anandiyandikira mwaulemu, n'kugwada chapatali ndithu. Zonse zomwe a Chirwa anafotokoza iye sanazimve, makutu anali atatseka.

"Bambo," ananong'ona, "mukabwerera kumeneko, mukawapeze malemu amuna anga a Zimba. Mukawauze kuti ng'ombe ija sindinagulitse dala, inathyoka mwendo."

Ndinangoti ndikawauza. Nanga ndikanatani?

Kuyambira tsiku limenelo ndinalumbira: mbiri ya makolo ndizifunsa anthu opuma, ndipo buku lililonse, ngakhale la ana a sitandade wani, ndiziyamba ndawerenga pachikuto.