Chishalo Chosokedwa ndi Katswiri

Khalani pamenepo, achimwene, buluku lanu silichedwa, n'kungopinda miyendo yake basi. Khalani ndithu, musaope. Ndaona kuti mwadabwa: mpandowo miyendo yake ndi yathabwa, koma pamwamba ndi chishalo cha njinga yamoto. Aliyense wolowa m'shopu muno amafunsa, ndipo ine manyazi ndinasiya kalekale. Pamene mwakhalapo, mwakhalira mazira a zaka ziwiri. Inu, tamverani.

Ine utelala ndaugwira zaka makumi awiri ndi ziwiri. Makina mukuwaonawa sanalowepo m'manja mwa makaniko. Akatsokomola ndimawamva, ndidontheze oyilo, ndimangitse lamba, basi ayambiranso kuimba. Tsono munthu ukakhala choncho umayamba kuganiza kuti chilichonse chozungulira ndi mng'ono wake wa makina osokera. Matenda anga anayambira pamenepo.

Vuto lathu linali mayendedwe. Mayunifolomu a ana asukulu ndimasoka ndine, koma pokapereka ndinkasenza chimtolo pamutu, munthu wa imvi zanga. Mayi a kunyumba amaweta nkhuku zoikira, nawonso ankayenda ndi mathireyi a mazira pamutu kukasiya m'magolosale. Tsiku lina anatulutsa chitini chimene ankabisa kuseri kwa sutikesi, n'kuchiika patebulo.

"Izi ndasunga zaka ziwiri," anatero. "Sindinagule nsapato, sindinakonzetse tsitsi. Mugule njinga yamoto, yakale yomweyo, ititule katundu pamutu. Koma lamulo ndi limodzi, bambo a ana. Musatulutse ndalama achimwene asanaione."

Achimwene awowo ndiwo alamu anga, makaniko wa njinga zamoto, galaja lawo lili pafupi ndi mlatho. Munthu wabwino, sindikana. Koma sakhulupirira chinthu. Kwa iwo njinga imaonedwa m'mamawa, mwini wake asanailize. Akafika sayamba ndi moni, amayamba agusa injini ndi kuseri kwa dzanja ngati mayi woyesa mwana malungo. Tinapita limodzi kukaona yoyamba, anaigusa, anapeza kuti ndi yofunda, n'kutembenuka kumapita.

"Alamu, simunaione n'komwe."

"Ndaiona. Njinga yabwino imadzuka yokha. Iyi achita kuidzutsa."

Yachiwiri ananunkhiza utsi wake nati ikumwa oyilo. Yachitatu anaikonda, koma mtengo wake unali wamtali kuposa chitini chathu.

"Dikirani miyezi itatu, nkhuku ziikire," anatero.

Ine, bambo wa ana anayi, ndizidikira nkhuku. Ndiye nditati ndinenepo maganizo anga pa za injini, anandidula pamaso pa anthu: "Alamu, zanu ndi singano. Zachitsulo tisiyireni." Mawu amenewo anandiwawa sabata yathunthu.

Kenako kasitomala wina anandiuza za njinga yotsika mtengo. Mwini wake amakhala pamwamba pa chitunda, kumene msewu umathera, ndipo anthu amangomutcha Sekerera chifukwa mano ake sakhala m'kamwa. Paja amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ine mwambiwo ndimaudziwa, ndimauza ndi ana omwe, koma Lachiwiri masana ndinatseka shopu, ndinabisa chitini m'thumba la zigamba, ndi kukwera chitunda ndekha.

Ndinaipeza itaima pageti, yofiira, yonyezimira, nkhope yaloza kumtsetse, injini ikulira kale. Mawu a alamu anandinong'oneza m'khutu. Ndinawauza kuti akhale chete.

"Ndangoiliza kuti muimve, bwana," anatero Sekerera.

Ndinaizungulira kawiri manja kumbuyo. Ndinamenya tayala ndi nsapato, poti ndinaonapo ena akutero. Ndinapendeketsa mutu kumvetsera injini, ngakhale kunena zoona sindinkadziwa chimene ndikumvetsera. Kenako maso anga anagwera pa chishalo, ndipo nzeru zanga zinathera pomwepo.

Abale, msoko umene uja. Mizere iwiri yoyendera limodzi osagundana, osasiyana. Pangodya, pamene atelala ambiri amalirira, chikopa chinapindidwa popanda khwinya ngakhale limodzi. Ulusi wothera unabisidwa mkati mwaulemu. Ndinasisita ndi chala, mtima unachita kuti myaa.

"Bambo, chishalochi anasoka ndani?"

"Telala wina kumunsi uko. Amakapereka ndi akazi anga. Bwanji, chalakwika?"

"Kulakwika? Ameneyu si telala wamba. Ameneyu ndi katswiri."

Ndiye ndinayamba kumuphunzitsa mwini njinga za njinga yake. Ndinati munthu amene amafunira chishalo, chongokhalira chabe, mmisiri ngati ameneyu, injini angaitaye bwanji? Wovala kolala yoyera salephera kusamba. Sekerera ankangogwedeza mutu, mano onse panja.

"Ndinu woyamba kuona zimenezi, bwana. Enawa amangofunsa za injini."

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Koma mbuzi imachita kukokedwa ndi chingwe, pamene ine ndinapita ndekha, n'kudzinenerera ndekha. Mtengo unali wopitirira pang'ono, koma Sekerera atasuzumira m'chitini anati kwa munthu wodziwa zinthu ngati ine zomwezo zakwana. Anatenga ndi chitini chomwe, ati ndikachitanso nacho chiyani.

Ulendo wobwerera unali wokoma. Kuchoka pageti lake mpaka pakhomo panga ndi mtsetse wokhawokha, chifukwa ife timakhala kumunsi kwenikweni, kumene madzi onse amvula amakakumana. Mphepo inkandiwomba, ndinkaliza hutala ngakhale kwa agalu.

Mayi a kunyumba anatuluka m'khola la nkhuku akupukuta manja.

"Achimwene aiona?"

"Aiona. Ati ngakhale iwo sakanaipeza yotere."

Bodzalo linatuluka losalala, lopanda khwinya ngati msoko uja. Mayiwo anasisita thanki ya njinga, misozi ikulengeza.

"Ndinkadziwa kuti simungandigwiritse mwala," anatero.

Apo kanthu kanandiluma mumtima, koma ndinati mawa zioneka.

Ndipo mawa zinaonekadi. Ndinavala jekete, ndinakwera, ndinaponda kiki, chopondera cholizira injini chija. Njinga inati fu. Ndinapondanso. Fu. Nditafika pa makumi anayi thukuta linali litadutsa jekete, ndipo aneba anasuzumira pampanda.

"Aneba, mukupopa madzi?"

Ndinaponda komaliza ndi mkwiyo wonse, kiki inabwerera n'kundimenya pa msongolo. Ndili chigwirire mwendo, zinthu zinayamba kundiwalira chimodzichimodzi: chifukwa chake Sekerera amakhala pachitunda, chifukwa chake njinga inaloza kumtsetse, chifukwa chake ndinaipeza ikulira kale. Alamu sanali pamenepo, koma ndinkawamva akupuma.

Mayi a kunyumba anatulukira pakhomo. "Bwanji kodi?"

"Ndaganiza kuti ndisamailizire pano. Phokoso lingasiyitse nkhuku kuikira."

Anandiyang'ana ndi chikondi chimene sindinachione chikwatirane. Madzulo anauza ndi anzawo omwe kuti amuna awo ndi oganizira ziweto.

Kuyambira tsiku limenelo ntchito yanga inali iyi. M'mawa uliwonse ndinkakankha njinga kukwera mtunda mpaka pa thanki yamadzi ya m'dera mwathu, theka la ola. Pamenepo n'kuitembenuza, n'kuthamanga nayo, n'kudumphirapo, giya yachiwiri, igwedezeke, itsokomole, ilire. Tsono dziwani kuti kuchoka kwathu kufika m'shopu muno ndi mphindi khumi wapansi. Ine pa njinga yamoto ndinkatenga mphindi makumi anayi. Pasanathe masabata awiri buluku langa ndinalibweza m'chiuno kawiri, pamakina omwewa.

Ndinabwerera kwa Sekerera. Anandimvetsera mwachifundo, mano ali panja.

"Kuno imalira bwinobwino, bwana. Mwina ndi mphepo ya kwanuko. Koma ngati yakukanani, ndikhoza kuigula ngati zitsulo."

Mtengo umene anatchula sukanagula ndi nkhuku zisanu. Ndinatsika chitunda, ndipo njinga, poti unali mtsetse, inalira mokoma ngati ikundiseka.

Lachisanu mayi a kunyumba anati, "Mawa munditenge. Ndili ndi mathireyi asanu ndi atatu a golosale ya kutsidya kwa mlatho. Ndikufuna anthu andione nditakwera zanga."

Ndikanaulula pamenepo. Mawu anafika pamilomo, koma nkhope yawo inali yowala kwambiri, ndiye ndinawameza. Loweruka ndinalawirira, ndinakankha mpaka pa thanki, ndinailiza, ndinabwerera nayo n'kuiimika pageti injini ikulira. Mayiwo atatuluka ndi mazira anaima.

"Nanga nkhuku?"

"Loweruka zimapirira."

Ndipo ndinazindikira kuti ndikumwetulira, mano onse panja, nditaima pambali pa njinga yofunda. Masabata awiri okha ndinali nditasanduka Sekerera.

Tinamanga mathireyi kumbuyo, ena anawafungatira. Tinanyamuka pang'onopang'ono, iwo akupereka moni kwa aliyense, ngakhale kwa anthu amene sayankhulana nawo. Anandiyandikira kukhutu nati, "Zaka ziwiri zija sizinapite pachabe." Ine ndinkangopemphera kuti pasapezeke chondiimitsa.

Pa mlatho, malo enanso otsika ngati kwathu, lole ya mchenga inali ikubwerera chammbuyo, yatseka msewu. Ndinagwira buleki. Ndinawonjezera moto, ndinaichonderera chamumtima, ndinailonjeza oyilo watsopano. Inatsokomola kawiri n'kuzima. Kutsogolo mtunda, kumbuyo mtunda. Kudzanja lamanja galaja la alamu.

Anatuluka akupukuta manja ndi sanza. Sanandipatse moni ine, sanapatse moni mlongo wawo. Anapatsa moni njinga.

"Iwe, wabweranso?"

"Paja munaiona, achimwene," anatero mayi a kunyumba.

"Ndinaiona katatu. Inabwera ndi mphunzitsi, inabwera ndi wogulitsa mkaka, inabwera ndi m'busa wina amene anatsala pang'ono kutukwana. Koma ndi alamu, n'koyamba lero." Anagogoda injini ndi chala. "Umu munatha kale. Ikawatopetsa amaibweza kuchitunda pa mtengo wa zitsulo. Mwini wake aipake penti, aisinthe chikopa cha chishalo, adikire wina."

Munthu wanzeru akanakhala chete. Ine ndinati, "Koma alamu, chishalo chake mwachiona?"

Alamu anamasula mathireyi n'kuwaika pansi, anazula chishalo, anachitembenuza, anakanganula chikopa ndi sikuludiraiva mpaka siponji inaonekera. Tsono ine ndili ndi chizolowezi. Ndisanadule chikopa cha chishalo chilichonse, ndimalemba miyeso ndi tsiku pa siponji penipenipo, kuti ndisataye pepala. Pa siponji ija panali mizere inayi ya manambala, masiku anayi osiyana, dzanja limodzi.

Ndinakumbukira mayi wina wofatsa amene amabwera ndi chishalo m'thumba, nthawi zonse ali pachangu: akazi a Sekerera. Zishalo ndimasoka zambiri pachaka, ndipo ndimaziona zili zokha patebulo, osati pa njinga. Katswiri uja ndinali ine. Mphunzitsi, wamkaka ndi m'busa, nyambo yawo ndinasoka ndine, kenako ndinadzisokera yanga n'kuimeza.

Mayi a kunyumba anawerama n'kuyang'ana manambalawo nthawi yaitali.

"Seveni wa kamchirayu ndikumudziwa," anatero motsitsa mawu. "Dzanja limeneli ndi lomwe linkandilembera makalata. Munalemba kuti simudzandinamiza ngakhale kamodzi. Kalatayo ndikadali nayo."

Anasanja mathireyi onse asanu ndi atatu, alamu anawasenzetsa, n'kuwoloka mlatho wapansi osacheuka. Palibe dzira limene linasweka tsiku limenelo. Sanakalipe, sanalire, ndipo ine ndikanakonda akanandigenda ndi mazirawo limodzilimodzi. Ndinawayang'ana akukwera mtunda ndi katundu pamutu, nsapato zawo zothera mbali imodzi, ndipo ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Alamu sanaseke n'komwe. Anangondipatsa sanza ija kuti ndipukute kumaso.

Njingayo sinabwerere kuchitunda. Alamu anaiphwasula kuti isadzapwetekenso wina, ndipo zimene zinagulika sizinaphimbe ndi pansi pa chitini chatsopano. Chitinicho tsopano ndikudzaza ndine, ndipo ya buluku lanuli ikupita momwemo. Loweruka lililonse mazira ndimasenza ndine, aneba akundifunsa ngati nkhuku zikupirira. Mayi a kunyumba anayamba kundiseka patapita mwezi, ndipo tsiku limenelo ndinadya bwino. Chishalo anachitenga okha kupita nacho kwa kalipentala, anachiikitsa miyendo, n'kudzachiika pamenepo, moyang'anana ndi makina, ati ndizichiona ndikamasoka. Mayi wofatsa uja anabweranso ndi thumba lake, ndinamuuza kuti zishalo za kuchitunda ndinapuma.

Nali buluku lanu, latha. Koma musanapite, taimirirani, tayang'anani msoko mwakhalirawo. Anthu akhalirapo chaka chathunthu, onenepa ndi owonda omwe, sunasomphoke ngakhale ulusi umodzi. Zonse zimene ndinanena pachitunda paja zinali zopusa, ndikuvomera. Koma telala wake, achimwene, ndi katswiri.