Mafulashi Awiri, Ukwati Umodzi

Lolemba

Ukwati wa mng'ono wanga Tadala ndi Loweruka lino. Dzulo pa komiti ndinaimika dzanja ndekha, popanda wondikankha: ndondomeko ya mwambo ndilemba ine pa laputopu, yamaluwa m'mbali, mlendo aliyense yakeyake. Amayi analuluta. Ine mtima mwaa.

Tadala akuti ya mnzake wa ku Chezi inali ndi nkhunda ziwiri pamwamba. "Inenso ndikufuna nkhunda, achemwali. Osati zolemba pamanja ngati za pamaliro." Ndamulonjeza nkhunda.

Kavuto kamodzi kokha. Laputopu yomwe ndagula kwa mphunzitsi mnzanga ilibe pulogalamu yolembera. Yoimbira nyimbo ilimo, ya pulinta ilimo, yolembera njee.

Madzulo atulukira amalume a Yesaya pa njinga, fulashi ataimangira pa mfundo ya mpango. Akuti muli pulogalamu yonse ya mu ofesi, anaitenga chaka chomwe ankapuma ntchito. "Imeneyi sinandinamizepo." Ndagwada, ndalandira ndi manja awiri. Amalume amenewa ndiwo nkhoswe ya Tadala.

Lachiwiri

Ya amalume ikulowa bwinobwino mpaka pakati, kenako njii. Laputopu ikuti pulogalamuyi singagwire ntchito yokha, ikudalira kafayilo kena kothandizira, kamtundu wakale, ndikatenge pa intaneti.

Kuno netiweki imapezeka pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi basi. Ndili pamwamba pa chulu, laputopu pamiyendo, foni m'mwamba, mphepo ya ku mapiri a Ntchisi ikulimbana ndi duku langa. Kafayiloko kakuti sikalowa popanda kanzake. Kanzakeko kakufunanso kena. Zili ngati kuitana munthu mmodzi ku ukwati, iye n'kubwera ndi mkazi wake, mlamu wake ndi ana a mlamuyo.

Amayi ena odutsa ndi nkhuni andifunsa ngati ndikusala kudya.

Koma zalowa! Pulogalamu yatseguka. Ndalemba mutu: UKWATI WOYERA. Ndauwerenga mokweza, mbuzi zikumvera.

Lachitatu

Ndinakagona nditasunga mutu wanga uja. Bwenzi ndangopitiriza.

M'mawa afika a Lufeyo a ku Dzoole, nkhoswe ya mwamuna. Nkhani ya fulashi ya amalume yawapeza, kaya yayenda bwanji. M'thumba la jekete atulutsa yawo, yonyezimira, yochokera kwa mwana wawo ku Lilongwe. "Ya malume anuyo ndi yamakedzana, mayi. Yatsopano ndi iyi. Ife akuchimuna tisaoneke ngati tabwera chimanjamanja."

Akhala pampando, chipewa pabondo, kudikira kuti ndiilowetse iwo akuona.

Ndikane bwanji? Nkhoswe ya mwamuna, sabata ya ukwati, tiyi ali kutsogolo? Ndagwada, ndalandira ndi manja awiri, ndailowetsa pamwamba pa ya amalume.

Uthenga wofiira. A Lufeyo akufunsa ngati kufiirako ndiye kuti yatheka. Ndati ikuganiza kaye. Anyamuka akumwetulira.

Tsopano yatsopano sikumaliza kulowa, yakalenso yasiya kutseguka. UKWATI WOYERA watsekeredwa m'katimo.

Lachinayi

Ndaimbira Enelesi, mnzanga wophunzitsa za makompyuta ku Madisi. Wamvetsera, waseka mpaka kutsokomola. Akuti ya amalume ikufuna kafayilo kaja kakale, ya a Lufeyo ikufuna komweko koma katsopano, ndipo laputopu imasunga kamodzi. "Chotsa imodzi, iwe. Nkhani yatha."

Chotsa imodzi! Enelesi amayankhula ngati alibe abale. Ndichotse ya amalume amene anandilipirira sukulu? Ndichotse ya a Lufeyo, Tadala akalowe m'banja lomwe fulashi yawo tinaitaya kunja? Akuluakulu awiriwa akukangana kale za yemwe adzayambe kulankhula pa madyerero. Ndipo onse anenetsa kuti adzabwera kudzaiona yawo ikugwira ntchito.

Zomwe ndayesa lero:
kuzimitsa n'kuyatsanso
kupukuta mafulashi pa chitenje
kuuzira pabowo
kuyambira ya amalume, poti ndiwo aakulu
kuyambira ya a Lufeyo, poti ndiwo alendo
pemphero lalifupi

Kufiira kokhakokha.

Amalume aimba: "Yanga ija yakhazikika?" Ndati ilimo. A Lufeyo aimba. Ndati ilimo. Sindinaname.

Bambo a kunyumba akuti nthawi ikadalipo yopita nazo kwa otayipa pa Madisi. Ine, amene anthu anandiombera m'manja? Ndawauza akaone za nkhuni.

Lachisanu

Ndadzuka ndi nzeru za woweruza. Sindichotsa ya amalume, sindichotsa ya a Lufeyo. Ndichotsa kafayilo komwe akulimbiranako, onse asowe chokanganira. Ndimatero ana akamalimbirana mpira kusukulu, ndipo zimatheka.

Laputopu yafunsa ngati ndatsimikiza, n'kundandalika mayina a zinthu zambirimbiri zomwe zichoke limodzi. Panja azimayi akundiitana kuti kabichi sadzidula yekha. Ndadina inde osawerenga.

Pobwera ndapeza kuti kafayilo kaja sikanachoke kokha. Kananyamula pulinta. Kananyamula choimbira nyimbo. Kananyamula ngakhale chithunzi cha ana anga chomwe chinali poyambira. Kwatsala mdima ndi kamzere koyera kakuphethira.

Ndamuuza Tadala kuseri kwa khitchini. Wangoti, "Nkhunda zanga, achemwali," misozi ili m'maso. Zandiwawa kwambiri. Mwana sanapemphe galimoto, sanapemphe keke ya nsanjika, anapempha nkhunda basi.

Ndathamangira kusukulu kukabwereka bolodi ndi choko chamitundu. Ndondomeko yonse ndalemba ndi dzanja langa lophunzitsira Sitandade 2, lomwe makolo amaliyamikira. Nkhunda ajambula bambo a kunyumba. Zatuluka nkhanga.

Loweruka

Ukwati! Kwaya, nthungululu, fumbi, mpunga wokwanira mpaka osaitanidwa. Tadala wawala moti ndalira kuyambira pa khomo la tchalitchi.

Bolodi taliimika polowera ku madyerero. Ndimabisala kuseri kwa mapoto. Ndikusuzumira, ndikuona Tadala waima pa bolodi, wayang'ana nkhanga zija, waseka mpaka velo kugwa. Wakoka mwamuna wake kuti ajambulitse pomwepo. Anthu ayamba kupanga mzere. Azimayi a ku Dzoole akufunsa yemwe wajambula, bambo a kunyumba akuyenda chifuwa patsogolo.

Ndondomekoyo palibe amene waitsatira.

Amalume ndi a Lufeyo andipeza onse pamodzi. Ndati lero ndatha. Ndafotokoza zonse, mafulashi onse awiri ndinalowetsa, palibe yomwe ndinachotsa. Ayang'anizana. Amalume akuti, "Ndiye vuto ndi laputopu yakoyi." A Lufeyo akuti, "Ndimaiona ine, ndi yotopa." Kuyambira chinkhoswe, aka n'koyamba kugwirizana. Pa madyerero alankhula ataima limodzi, kenako avina, amalume mpaka kutaya ndodo.

Lamulungu

Miyendo ikuwawa, mawu atha. Tadala watumiza uthenga kuti bolodi lisafufutidwe. Mawa ana a m'kalasi mwanga aphunzira masamu pansi pa nkhanga.

Laputopu ili pa kabati, ndaifunditsa kansalu. Enelesi akuti ndipite nayo Lachiwiri, aifufute yonse, aikemo pulogalamu imodzi. Wanditsindikira: imodzi. Ndalumbira.

Potuluka m'tchalitchi andiimitsa a Zakeyu, mkulu wa mpingo, amene anandiimirira pa ubatizo. Amva za mavuto anga. Apisa m'thumba la malaya.

Ndagwada, ndalandira ndi manja awiri.