Injini ya a Bentum pa Lachiwiri

Ndinamuuza Ato, mdzukulu wanga, atangotsika basi yochokera ku Kumasi: ukaone linga lakale lija, ukadye nkhanu, koma nyanja usaiyandikire, makamaka Lachiwiri. Kuno ku Elmina tsiku limenelo nyanja imapuma, bwato silikankhidwa.

Anaseka. "Agogo, inu mumaopa ndi chithunzithunzi chanu chomwe."

Anabwera ndi anzake awiri, Sikono ndi wina wonenepa womutcha Dokotala, chonsecho bala lenileni sangamange. Lolemba masana ndinawamva kuseri kwa uvuni wanga wowambira nsomba, akumwa kachasu wa kanjedza.

"Mawa asodzi ali pa holide, magaye," anatero Dokotala. "Tinyamula injini ya bwato m'sitolo ya a Bentum, tikwera bwato, ulendo wa ku Takoradi. Atithamangitse ndani, poti nyanja ndi yoletsedwa?"

"Mutu wakowu ndi wa ku yunivesite, aise!" anatero Ato.

Ndinatsokomola katatu. Sanamve.

Injini anaibadi, a Bentum atapita kukadya. Koma ana akumtunda inu! Msodzi akapanda kulowa m'nyanja amakhala kuti? Pagombe pomwepo, kusoka ukonde. Chinamtindi cha amuna chinawaonerera akudzandira ndi chitsulocho. Wina wosakhala msodzi mpaka anawathandiza kukankha bwato, kuti aone mathero ake.

Injini sinalire, za mafuta sanaganizeko. Anapalasa ndi manja ndi mapatapata mpaka chingwe chinakungika, poti bwatolo linali lomangirira ku mtengo wa kokonati. Anapalasabe.

Wapolisi anafika, nayang'ana mafunde. "Lero ine ayi."

"Tikokeni, mabwana!" anakuwa Sikono, uku akusanza.

"Kukoka bwato ndi ntchito ya panyanja," anayankha a Bentum, akutokosa m'mano. "Mawa, ana anga."

Alendo odzaona linga anasiya linga n'kumajambula iwowo. Mayi wina anagulitsa malalanje ake onse.

"Agogo! Tatipepeserani!" Ameneyo Ato.

Ndinagwadira a Bentum ndithu, ine nkhalamba, kuopa kuti mwana angamire ine ndikuona. A Bentum anandidzutsa mwaulemu, nati ndisade nkhawa, chingwecho n'chatsopano.

Lachitatu m'mawa asodzi anawakoka ngati khoka, akuimba nyimbo. Ato anatsika khungu litasupuka ndi dzuwa, nakumbatira mwendo wa wapolisi, kupempha chipinda chilichonse chosagwedezeka. Anampatsa cha miyezi isanu ndi umodzi.