Foni m'Mimba mwa Televizau

Lolemba
Mphenzi yaotcha televizau. Amayi akukhalabe patsogolo pake madzulo, manja pamaondo, kuyang'ana galasi lakuda. Vuto ndi ili: mankhwala awo a tensau, matenda a kuthamanga kwa magazi, amamwa nyimbo yotsegulira nkhani ikalira, osati ine ndikanena. Chipsereni televizau sanamwe ndi kamodzi komwe. Akuti nthawi sinakwane. Ndikuopa.
Koma foni yanga ili ndi zonse. Zofunika:
mega, zogulira intaneti,
njinga yopitira kumsika wa Chifunde, komwe rede ya intaneti imagwira (netiweki ya kuno ndi yongoimbira),
kuleza mtima, komwe ndilibe.

Lachiwiri
Ndakopera m'foni nkhani, ndi novela yonse, sewero lija la pa televizau, mpaka ukwati wa kumapeto. Ndikuwapatsa foni monyadira: chilichonse, nthawi iliyonse! Akundibwezera osayang'anamo. "Nkhani ndimazidikira ndine. Izi zondidikira ine ndi zotsala." Mankhwala ali pompo.

Lachitatu
Ndaitumbula televizau, ndachotsa galasi ndi matumbo onse, ndaimika foni m'katimo ndi njerwa. Dzuwa likulowa, ndikudina n'kuthawira panja ngati wakuba. Nyimbo ikulira. Amwa! Akudandaula kuti wowerenga nkhani wachepa ngati chala, kaya akudwala, koma amwa. Lero ndikuyenda chonyang'wa.

Lachinayi
Mvula. Njira ya kumsika ndi matope okhaokha, njinga siingadutse. Ndikubwereza nkhani za dzulo. Mkulu wa m'nkhanizo akutsegulanso mlatho womwewo, lumo lomwelo, kumwetulira komweko. Amayi akufunsa ngati anautsekanso usiku. Amwa, koma akundiyang'ana nthawi yaitali.

Lachisanu
Mvula ikadalipo, nkhani ndi zomwezo. Kumapeto kwake kuli maliro a gogo wina woyimba. Lachitatu Amayi anamulira, dzulo anamulira pang'ono, lero angofunsa kuti amuika kangati. Ndisanayankhe, televizau ikulira ngati foni. Ndi a Batisita, a nyumba ya kuseri kwathu, akukalipa kuti mbuzi zanga zalowanso m'chimanga chawo. Ndikuyankha mutu uli m'bokosi. Amayi sanamwe.

Loweruka
Ndapsa mtima, ndakweza mawu kwa Amayi. Nyimbo ndi yomweyo, nkhani ndi nkhani, kusiyana kuli pati? Iwo akundikumbutsa za mng'ono wawo a Rozina, a ku Nsadzo, amenenso amamwa a tensau. Chifookereni miyendo ya onse awiri, sanaonane.
"Nyimbo ija ikalira kuno, ikuliranso kwa Rozina. Timakhala pansi limodzi, timamwa limodzi. Ya m'foni mwakoyi ikulirira ine ndekha, mwanangu."
Manyazi andigwira, chisoninso.

Lamulungu
M'bokosi muja mwalowa nkhuku, ikufuna kuikira. Iikire, sindikanganananso ndi aliyense.
Titatuluka ku Misa ndapita kwa a Batisita kukapepesa za mbuzi. Televizau yawo ikugwira. Andipepesetsa mpaka kukhosi kuuma, kenako avomera kuti Amayi azidzaonera nkhani kwawoko.
Madzulo ndikukankha njinga m'matope, Amayi atakhala pakaliyala, mankhwala ali m'thumba mwanga. Chithunzi cha kwa a Batisita chimanjenjemera, mawu amadukaduka, ndipo nkhani zisanayambe tikupirira wotsatsa sopo. Amayi akudikira mosangalala.
Nyimbo ikulira. Akutambasula dzanja okha, akumeza, akupukuta pakamwa. Kenako akuweramira kugalasi, akufunsa motsitsa mawu:
"Wamwa, Rozina?"
Mawa ndikankhanso njinga.